Kuchenjera ndi Kubera pa Mpira: Mlandu wa m'Mabwalo a ku Chilwa

Mpunga ukatha kukololedwa m'madambo a Likangala ndi Domasi, misewu ya kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji n'kuuma, pamakhala chinthu chimodzi chimene chimasonkhanitsa anthu a kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa kuposa tsiku la msika, ndicho mpira wa miyendo. Kuyambira ku Jali kufikira ku doko la Kachulu, limene lili pa mtunda wa makilomita ngati 30 kuchokera m'tauni ya Zomba, bwalo la sukulu ndilo bwalo la mudzi wonse. Asodzi, alimi, anyamata a kabaza ndi ana a sukulu amakumana pamenepo madzulo a Loweruka ndi Lamulungu, ena kulimbirana chikho cha masukulu, ena kulimbirana mphotho ya bonanza imene waika munthu wa malonda kapena wofuna mpando ku Nyumba ya Malamulo.

Masewera ambiri amatha mwa mtendere, opambana ndi ogonja n'kugwirana chanza. Koma alipo ena amene safika kumapeto, chifukwa timu ina yatuluka m'bwalo mokwiya, kapena woimbira wathawira m'nyumba ya mphunzitsi wamkulu kuopa khamu. Pa mikangano yotere pamamveka mawu awiri. A mbali yopambana amati mnyamata wawo wachenjera. A mbali yogonja amati wabera. Chochitikacho n'chimodzi, koma dzina lake limasintha malinga ndi kumene munthu waima. Kodi tsono pakati pa kuchenjera ndi kubera pali malire enieni, kapena malirewo amayenda ndi zigoli? Funsoli likukhudza kwambiri aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'Boma, pakuti m'midzi iwo ndiwo kawirikawiri amaimbira mpira, amalemba maina a osewera, ndipo amakhala m'makomiti oweruza madandaulo.

ZIMENE OCHEMERERA AMALOLA

Anthu oleredwa ndi nthano za Kalulu sadana ndi kuchenjera. Mwana aliyense amasekera akamva m'mene Kalulu anakokanitsira chingwe Njovu ndi Mvuu, aliyense wa awiriwo akuyesa kuti akulimbana ndi kanyama kopanda mphamvu. Koma nthano zomwezo zimamdzudzula Kalulu pa nkhani ya chitsime, pamene anakana kukumba nawo m'chaka cha chilala, nayamba kutunga madzi mwakuba kufikira Kamba anamgwira. Makolo ankakondwera ndi wamng'ono wogonjetsa wamkulu ndi nzeru, koma wodya thukuta la anzake mobisa sanali kumlekerera.

Pa bwalo la mpira zili chimodzimodzi. Wosewera akanamizira kupita kumanzere n'kudzera kumanja, womtchinga n'kugwa chagada, bwalo lonse limafuula, ndipo ngakhale a timu ya wogwayo amaseka. Kaputeni akasankha mbali yoti mphepo ya kunyanja ikhale kumsana kwake, kapena yoti dzuwa la madzulo limthobwe m'maso goloboyi wa alendo, palibe amene amadandaula. Eni bwalo amadziwa pamene pali mchenga, pamene pali dzenje ndi pamene mpira umadumpha mokhota, ndipo amakankhira alendo komweko. Amayi ndi ana amaima kuseri kwa golo n'kumaimba nyimbo zachipongwe kuti womenya penate nkhongono zimuzizire. Zonsezi anthu amaziyesa mchere wa masewera.

Pali zina zimene ochemerera amazilola atatsinzina diso limodzi. Timu imene yatsogola ndi chigoli chimodzi imamenyera mpira kutali m'munda wa chinangwa, podziwa kuti mpira ulipo umodzi wokha ndipo mdima uli pafupi. Goloboyi amagona pa mpira ngati wavulala. Wakutsogolo amadzigwetsa pafupi ndi golo asanakhudzidwe ndi munthu. Izi malamulo a mpira amaziletsa, pakuti wotaya nthawi dala ndi wonamiza woimbira amayenera kuonetsedwa khadi yachikasu. Ochemerera amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amazikuwiza zikachitidwa ndi alendo, n'kuzisekerera zikachitidwa ndi akwawo. Malire ena ndi opyapyala ndithu. Kuyambira 2010, womenya penate amaloledwa kuzengereza ndi kunamizira pamene akuthamangira mpira, koma akafika pa mpirawo n'kunamizira kumenya kuti goloboyi ayambe wagwa, walakwa. Kusiyana kwake ndi phazi limodzi lokha.

MANJA AWIRI

M'nyumba zoonetsa mpira pa kanema, zimene zafika ngakhale m'misika yaing'ono ya m'mbali mwa nyanja, muli nkhani ziwiri zakunja zimene sizikalamba. Yoyamba ndi ya pa 22 June, 1986, ku Mexico City, pamene Diego Maradona wa ku Argentina anamwetsa England chigoli ndi dzanja pa mpikisano wa chikho cha dziko lonse. Woimbira, Ali Bin Nasser wa ku Tunisia, sanaone. Maradona anathamanga kukondwerera ngati wagoletsa ndi mutu, ndipo Argentina inapambana 2-1 n'kupitirira mpaka kukatenga chikhocho.

Yachiwiri ndi ya pa 2 July, 2010, ku Johannesburg. Ghana ndi Uruguay zinali 1-1 m'mphindi yotsiriza ya nthawi yoonjezera, pamene mpira umene Dominic Adiyiah anamenya ndi mutu unali kulowa m'golo. Luis Suárez, amene sanali goloboyi, anaubweza ndi manja pa mzere penipeni. Woimbira anaona, namtulutsa ndi khadi yofiira, napatsa Ghana penate. Asamoah Gyan anaomba mtengo wapamwamba wa golo, ndipo pa mapenate Uruguay inapambana 4-2. Ghana ikanakhala dziko loyamba la mu Africa kufika m'ndime ya matimu anayi otsiriza, ulemu umene unadzagwera Morocco mu 2022.

Anthu ambiri a kuno anamva kuwawa ndi dzanja la Suárez koposa la Maradona, chifukwa Ghana inasenza chiyembekezo cha Africa yense. Komatu poyeza mosakondera, manja awiriwa sali ofanana. Suárez anaphwanya lamulo anthu onse akuona, ndipo chilango chonse cholembedwa chinamgwera: anatuluka m'bwalo, sanasewere masewera otsatira amene Uruguay inagonja kwa Netherlands, ndipo Ghana inapatsidwa mwayi wobwezera. Maradona anabisa, sanalipire kanthu, ndipo England sinapatsidwe mwayi uliwonse. Palibe mphunzitsi wanzeru amene angaphunzitse ana dzanja lililonse mwa awiriwa, koma kusiyana kwake kukuonetsa pamene pagona mlandu. Cholakwa chochitika poyera chili ndi mankhwala ake, pakuti woimbira ali ndi wenzulo ndipo wolakwiridwa ali ndi miyendo yobwezera. Cholakwa chobisika chimalanda woimbira mphamvu yoweruza, chimalandanso wolakwiridwa mwayi wodziteteza. Kubera kwenikweni kumayambira pamenepo, ndipo koipitsitsa ndi kumene kumachitika mpira usanayambe n'komwe.

CHINYENGO CHA CHOLEMBERA

Dziko la Malawi lili ndi chifukwa chapadera chokumbukirira nkhani ya kubera zaka. Mu 2009, pa mpikisano wa mu Africa wa anyamata osapitirira zaka 17 umene unachitikira ku Algeria, timu ya Niger inachotsedwa itapezeka ndi mlandu wa kubera zaka. Malo ake m'ndime ya matimu anayi anapatsidwa kwa Malawi, ndipo mwa njira imeneyo anyamata a dziko lino anapita ku mpikisano wa dziko lonse ku Nigeria chaka chomwecho, kumene anakumana ndi United Arab Emirates, United States ndi Spain. Anagonja masewera onse atatu, komabe kanali koyamba kuti timu ya mpira ya Malawi ifike pa mpikisano wotere. Niger ikanapanda kugwidwa, anyamatawo akanabwerera kwawo kuchokera ku Algeria akuyesa kuti analephera mwa chilungamo.

Pa mpikisano wa ku Nigeria womwewo, bungwe la FIFA linayamba kuyeza osewera ndi makina a MRI ounikira fupa la pamkono, limene limalumikizana munthu akamaliza kukula. Mu November 2020, pa chikho cha COSAFA cha anyamata a msinkhu womwewo ku South Africa, maiko anayi, Botswana, Comoros, Eswatini ndi Zimbabwe, anachotsedwa atayezedwa motero, n'kutsala Angola, Malawi, South Africa ndi Zambia okha.

Pa bwalo la sukulu ya ku Chilwa palibe makina otero. Pali kaundula wa sukulu, kabuku ka kusikelo, ndi chikumbumtima cha mphunzitsi. Ndipo nkhaniyi ili ndi povuta pake pofunika kupamvetsa bwino. Chiyambire sukulu ya pulaimale yaulere mu 1994, m'makalasi muli ana a misinkhu yosiyanasiyana. Mwana wa msodzi amayamba sukulu mochedwa, amajomba nyengo ya matemba, amabwereza kalasi, kotero kuti mnyamata wa zaka 17 akhoza kupezeka mu Sitandade 7 popanda bodza lililonse. Iyeyo ndi wophunzira weniweni, ndipo kulimbikira kwake sukulu n'koyamikika. Bodza limayamba pamene mpikisano waika malire a zaka, mphunzitsi wa masewera n'kutenga cholembera n'kumdula zaka zitatu. Kapena pamene mnyamata amene anasiya sukulu kalekale, mwina ali ndi banja lake, avekedwa yunifomu tsiku la chikho n'kupatsidwa dzina la mwana wina.

Ochemerera ambiri saona cholakwa pamenepa. Amati sukulu zonse zimatero, ndipo wokana kutero ndiye wopusa. Koma alipo anthu awiri amene amalipira mlanduwo. Woyamba ndi mwana wa zaka 13 wa sukulu inayo, amene amagundana ndi munthu wamkulu n'kuthyoka mwendo, chipatala chachikulu chili kutali ku Zomba. Wachiwiri ndi mwana wa sukulu yoberayo, amene anabwera kokonzekera masiku onse, koma tsiku la chikho akhala pansi kunja kwa bwalo, dzina lake likusewera m'thupi la munthu wina. Mwana ameneyo waphunzira phunziro limene mulibe m'mabuku, lakuti mphunzitsi wake amalemba bodza akafuna kupambana. Tsiku la mayeso a Sitandade 8, mphunzitsi yemweyo adzaimirira kutsogolo n'kumuuza kuti kubera n'koipa.

AGANYU, ZIPHUPHU NDI ZITHUMWA

Pa mabonanza, pamene pali ndalama, mbuzi kapena yunifomu zatsopano, vuto lake ndi la aganyu, ndiwo osewera obwerekedwa m'tauni kapena ku timu ya m'ligi, amene amafika pa njinga yamoto masewera ali pafupi kuyamba. Apa malire amakhala pa pangano. Ngati okonza mpikisano sanaletse, wobweretsa waganyu wangochenjera, ndipo anzake akhoza kubweretsa wawo. Koma ngati anagwirizana kuti aliyense asewere ndi ana a m'mudzi mwake, wina n'kulemba mlendo ngati mphwake wa nyakwawa, ameneyo wabera. Mikangano yambiri imabuka chifukwa panganolo silinalembedwe, aliyense n'kumakumbukira mbali yomkomera. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Ziphuphu ndiye palibe wozivomereza poyera, ngakhale wozipereka yemwe. Mu 2017 dziko lino linamveka kunja ndi nkhani ya oimbira anayi amene anapatsidwa chilango chosaimbiranso mpira moyo wawo wonse, chifukwa cha masewera a chikho cha Carlsberg pakati pa Nchalo United ndi Chitipa United. Monga zinalengezedwera, iwo analandira ndalama zokwana ngati madola 20 a ku America kuti akondere Nchalo. Koma masewera anatha 1-1, Nchalo inagonja pa mapenate, ndipo poitanitsa ndalama zija nkhani inaphulika. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Mu April 2019, FIFA inaletsa moyo wake wonse Hellings Mwakasungula, amene anasewerapo m'timu ya dziko lino, pamodzi ndi ena a maiko osiyanasiyana, pa mlandu wokonzeratu zotsatira za masewera. Kuchepa kwa ndalama za mu 2017 kuli ndi phunziro kwa a m'midzi. Woimbira wa pa bonanza kawirikawiri alibe malipiro odziwika. Amadya nsima kwa eni bwalo, ndipo ndalama ya ulendo amapatsidwa ndi omwe akuwaimbirawo. Munthu wotere savuta kumgula, ndipo ngakhale akhale wolungama, savuta kumkayikira.

Nanga za mankhwala? Matimu ena, a m'midzi ndi a m'tauni omwe, amakana kulowera pa chipata, amawaza madzi pa golo, kapena amakwirira kanthu pakati pa bwalo usiku. Akuluakulu oyendetsa mpira m'dziko lino amaletsa mchitidwewu ndipo amalipiritsa matimu. Chithumwa sichinagoletsepo chigoli. Ntchito yake ndi kuopseza, monga nyimbo za kuseri kwa golo zija. Koma chimakonzedwa mobisa, chimadya ndalama zimene zikanagula mpira wachiwiri, ndipo chimabala ndewu pamene anyamata athamangira kukafukula za m'golo la anzawo. Timu yogonja imaleka kudzifunsa za kulimbitsa thupi, n'kuyamba kufunafuna sing'anga woposa wa chaka chatha.

PHUNZIRO LA M'NYANJA

Anthu a ku Chilwa safunika kupita kutali kuti amvetse nkhaniyi, pakuti nyanja yawo inawaphunzitsa kale. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mbali yake yaikulu inaphwanso mu 2018. Pambuyo pa kuphwa kwa 1995, mafumu, asodzi ndi alangizi a Boma a za nsomba anakhazikitsa makomiti a m'madoko, ndipo lamulo la nsomba la 1997 linapatsa anthu a m'midzi gawo pa kuyang'anira usodzi. Msodzi wolawira usiku, wodziwa kumene matemba asonkhana, wosaulula malo ake kwa anzake, onse amamtcha katswiri. Koma wokoka khoka m'miyezi yotseka pamene nsomba zikuswana, kapena wosoka neti ya udzudzu kuti akokolole ndi tiana tomwe, amadziwika kuti ndi wakuba, ngakhale bwato lake lidzaze. Woyambayo wapambana anzake pa nyanja imene onse adzaipezanso mawa, pamene wachiwiriyo akuononga nyanjayo.

Mpira nawo uli ndi madzi ake amene akhoza kuphwa, ndiwo chikhulupiriro cha anthu chakuti zotsatira sizinakonzedweretu. Munthu amasiya ntchito yake n'kuyenda mtunda wautali kukaima padzuwa chifukwa sadziwa amene apambane. Chenga, nyimbo ndi kusankha mbali ya mphepo zimaonjezera chidwi chimenecho. Zaka zabodza ndi woimbira wogulidwa zimachichotsa. Mpikisano umene anthu adziwa kuti mwini chikho anasankhidwa kale sutha zaka ziwiri: matimu ang'onoang'ono amaleka kulembetsa, makolo amaletsa ana awo, ndipo wopereka mphotho amapita nayo kwina.

LAMULO LIMATSATA WOCHENJERA

Oyendetsa mpira pa dziko lonse akhala akutseka mipata imene ochenjera anapeza. Mu 1992 analetsa goloboyi kugwira ndi manja mpira umene mnzake wambwezera dala ndi phazi, chifukwa matimu ankatayira nthawi pamenepo. Mu 2018 kanema wothandiza woimbira, wotchedwa VAR, anagwira ntchito koyamba pa chikho cha dziko lonse. Mu 2025 anaika lamulo lakuti goloboyi akasunga mpira m'manja kupitirira masekondi 8, timu inayo ipatsidwe kona. Izi zikusonyeza kuti kuchenjera kukayamba kuononga masewera, lamulo limakulondola n'kukutcha cholakwa. Komabe makina sathetsa mikangano yonse. Pa 18 January, 2022, ku Bafoussam m'dziko la Cameroon, woimbira anapatsa Flames penate polimbana ndi Senegal, kenaka anaibweza ataona kanema, masewera n'kutha 0-0. Amalawi ambiri anadandaula kuti aberedwa. Amene anamva kuwawa tsiku limenelo ayenera kuzindikira m'mene amamvera alendo pa bwalo la kumudzi, woimbira akamakondera eni ake.

Ku Kachulu VAR sadzafika msanga, koma zilipo zotheka popanda makina. Malamulo a mpikisano alembedwe masewera oyamba asanachitike, awerengedwe pamaso pa mfumu ndi makaputeni onse, ndipo anene poyera ngati aganyu aloledwa kapena ayi. Woimbira achokere kumudzi wachitatu, ndipo alipidwe ndi komiti kuchokera m'ndalama zolembetsera. Pakhale mpira wachiwiri, masewera ayambe dzuwa lili pamwamba, kuti munda wa chinangwa uleke kupambanitsa matimu. Pa za zaka, njira zachuluka kuposa kale. Kuyambira 2015 lamulo limafuna kuti mwana aliyense wobadwa alembetsedwe, ndipo mu 2017 Boma linalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire chiphaso cha unzika, chimene chimaperekedwa kwa a zaka 16 ndi kuposerapo. Mnyamata wokhala ndi chiphaso chimenecho sangalembedwenso kuti ali ndi zaka 14. Aphunzitsi aakulu a sukulu ziwiri akhoza kusinthana maina a osewera sabata imodzi chikho chisanachitike, mlangizi wa maphunziro wa m'zoni n'kuwayerekeza ndi kaundula.

Ndipo kwa woweruza madandaulo amene wasowa pogwira, muyeso wake ndi wapafupi. Afunse ngati chinthucho chikanatheka kunenedwa mokweza pamaso pa timu inayo masewera asanayambe. Kaputeni akhoza kuuza alendo kuti lero asewera moyang'ana dzuwa ndipo amva nyimbo kuseri kwa golo lawo; alendowo adzaseka n'kukonzekera. Koma palibe mphunzitsi amene angaimirire n'kunena kuti mnyamata uyu ali ndi zaka 19 koma walembedwa 14, kapena kuti woimbira analandira kangachepe dzulo madzulo.

Sukulu yokana kubera zaka mwina idzagonja chaka chino ndi chamawa, ndipo mphunzitsi wake adzanyozedwa pa msika. Zimenezo n'zowawa, ndipo palibe chifukwa chozibisira. Koma osewera a matimu aakulu, monga Red Lions ya ku Zomba, ngakhale a Flames amene, ambiri amayambira m'mabwalo afumbi ngati amenewa, ndipo kutsogoloko kuli makina oyeza fupa la pamkono amene samva chichewa cha mphunzitsi. Mwana weniweni wa zaka 14 amene wapatsidwa malo ake lero ndiye angadzapirire muyeso umenewo. M'mera mpoyamba, ndipo cholembera chili m'manja mwa aphunzitsi.